Nyumba Zolowa Dzina la Z.K. Matthews

M'tauni ya Barkly West, m'mbali mwa mtsinje wa Vaal m'chigawo cha Northern Cape ku South Africa, muli chipatala cha boma chotchedwa Professor Z.K. Matthews. Ku Pretoria nako, pa chitunda cha Muckleneuk pomwe pali likulu la yunivesite ya Unisa, kuli holo yaikulu momwe ophunzira amalandirira madigiri awo, ndipo dzina lake ndi lomwelo. Eni dzinali sadali dokotala, komanso sadakhalepo mkulu wa Unisa. Adali mphunzitsi pa koleji ya Fort Hare, m'tauni yaing'ono ya Alice ku Eastern Cape, ndipo adaitsogolera kolejiyo pa nthawi yovuta kwambiri m'mbiri yake. Koma ngakhale pa Fort Hare pomwepo, mpando wa mkulu wa koleji sudakhale wawo. Adangogwirizira. Mu 1959 adatula pansi udindo n'kutuluka pachipata opanda penshoni yomwe adaikhetsera thukuta kwa zaka zoposa 20.

Kutcha nyumba ya boma dzina la mkulu wa yunivesite amene adatisiya ndi mwambo wofala m'maiko ambiri. Kawirikawiri chifukwa chake chimaoneka ndi maso: mkuluyo adamanga laibulale, adapeza ndalama za malo ogona ophunzira, kapena adakhalitsa pampando. Nkhani ya a Matthews siyenda choncho. Chimene amakumbukiridwa nacho kwambiri pa Fort Hare ndi chaka chomwe adakana kukhala. N'chifukwa chake mbiri yawo ikutithandiza kufunsa funso lomwe ambiri timalidumpha pa tsiku lodula riboni: tikalemba dzina la malemu pakhoma la nyumba ya anthu onse, kodi tawalonjeza chiyani?

Maina omwe adawapeza

A Zachariah Keodirelang Matthews adabadwa pa 20 Okutobala 1901 pa malo otchedwa Winter's Rush, kufupi ndi Barkly West, m'dera la migodi ya dayamondi. Makolo awo adali Atswana, ndipo bambo awo adagwirapo ntchito kumigodiko. Adakulira ku Kimberley. Dziko lomwe adabadwiramo lidali litadzaza kale ndi maina a eni ulamuliro. Kimberley ndi dzina la nduna ya ku Britain yoyang'anira maiko a atsamunda. Barkly West idatenga dzina la Henry Barkly, bwanamkubwa wa Cape. Alice, komwe adapita kukaphunzira, ndi dzina la mwana wamkazi wa Mfumukazi Victoria. Fort Hare yeniyeniyo idali linga la asilikali a Britain, lomangidwa m'zaka za m'ma 1840 pa nkhondo zolanda dziko la Axhosa, ndipo lidatchedwa dzina la John Hare, msilikali amene adalamulirako chigawocho. Mwana wa Chitswana wofuna sukulu ankanyamuka pa dzina la bwanamkubwa n'kukatsikira pa dzina la msilikali.

Atamaliza pa sukulu ya mishoni ya Lovedale, a Matthews adalowa koleji ya Fort Hare mu 1918. Kolejiyo idali itatsegulidwa mu 1916 ndi ophunzira 20 okha, dzina lake panthawiyo lili South African Native College, ndipo mkulu wake adali Alexander Kerr wochokera ku Scotland. Idalibe mphamvu yopereka madigiri akeake, choncho ophunzira ake ankalemba mayeso a University of South Africa, yomwe lero timangoti Unisa. Mu 1923 a Matthews adakhoza digiri ya BA, ndipo adakhala munthu wakuda woyamba kupeza digiri imeneyi akuphunzira m'dziko la South Africa momwemo. Apa ndi pomwe pagona ubale wawo ndi holo ya ku Pretoria ija: digiri yawo yoyamba idali ya Unisa.

Mu 1925 adasankhidwa kukhala mphunzitsi wamkulu wa sekondale ya pa Adams College ku Natal, mpando womwe munthu wakuda adali asanakhalepo. Kumeneko adagwira ntchito limodzi ndi a Albert Luthuli, amene pambuyo pake adadzakhala mtsogoleri wa chipani cha African National Congress. Mu 1928 adakwatira mayi Frieda Bokwe, mwana wa mbusa ndi mpeki wa nyimbo John Knox Bokwe. Usana ankaphunzitsa, madzulo n'kumawerenga za malamulo, mpaka mu 1930 adapeza digiri ya LLB, nayonso ya Unisa. Kenaka adapita ku yunivesite ya Yale ku America, ndipo atachoka kumeneko adakhala chaka ku London akuphunzira za chikhalidwe cha anthu kwa Bronislaw Malinowski. Mu 1936 adabwerera ku Fort Hare monga mphunzitsi wa za chikhalidwe ndi malamulo a makolo. A D.D.T. Jabavu atapuma pa ntchito mu 1944, a Matthews ndiwo adatenga malo awo monga pulofesa ndi mkulu wa nthambi ya maphunziro a za Africa.

Koleji ya maiko ambiri

Kuti timvetse chimene chidatayika mu 1959, tiyenera kuona kaye chomwe Fort Hare idali. M'zaka za m'ma 1940 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1950, ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Southern Rhodesia kudalibe yunivesite. Ya ku Salisbury idayamba kuphunzitsa mu 1957, ya Malawi mu 1965, ya Zambia mu 1966. Mnyamata kapena mtsikana wa kuno amene wakhoza bwino adali ndi njira zochepa, ndipo imodzi mwa njirazo idali sitima ya pamtunda yolowera kum'mwera, mpaka ku Alice.

Pa Fort Hare padadutsa a Nelson Mandela ndi a Oliver Tambo, a Robert Sobukwe ndi a Mangosuthu Buthelezi. Padadutsa a Seretse Khama a ku Bechuanaland ndi a Ntsu Mokhehle a ku Basutoland, a Herbert Chitepo ndi a Robert Mugabe a ku Southern Rhodesia, a Yusuf Lule a ku Uganda. Ku Nyasaland kudachokera a Orton Chirwa, a Wellington Manoah Chirwa ndi a Henry Masauko Chipembere. Ku Northern Rhodesia kudachokera a Lameck Goma a ku Lundazi. Padalinso amwenye ndi makaladi a ku South Africa komweko. Anthu amenewa sadagwirizane pa zonse, ndipo ena mwa iwo adadzakhala adani pa ndale. Koma onse adadyera m'chipinda chimodzi, n'kumatsutsana pa bwalo limodzi, pa nthawi yomwe maboma a atsamunda ankafuna kuti mtundu uliwonse uzidziona wokha.

A Matthews adali pakati pa zonsezi. Nyumba yawo ku Alice idali yotsegula kwa ophunzira, ndipo kwa ambiri a iwo kungoona munthu wakuda ali pulofesa, atavala mkanjo wa maphunziro, akuphunzitsa malamulo omwe azungu ankati ndi awo okha, lidali phunziro palokha. A Mandela adawatchula m'buku la mbiri ya moyo wawo monga mmodzi mwa aphunzitsi amene ophunzira ankawayang'ana ndi ulemu waukulu.

Wogwirizira

A Matthews sadalekanitse kalasi ndi dziko. Kuyambira mu 1942 adali membala wa Natives Representative Council, bungwe lomwe boma lidakhazikitsa kuti anthu akuda azilankhulirako popanda mphamvu yosintha lamulo. Achinyamata a mu ANC ankawadzudzula pa chimenechi. Iwo ankati bungwelo n'chidole cha boma, ndipo munthu wozindikira ayenera kulinyanyala. A Matthews adakhalamobe mpaka mu 1950, ndipo mbiri yachilungamo siyenera kubisa zimenezi. Adali munthu wodekha, wokhulupirira kuti pamene pali khomo lolankhulira, ngakhale laling'ono, munthu alankhule mpaka atatsimikiza kuti palibe womumvera. Ena ankakuona kudekhako ngati nzeru, ena ngati kuzengereza.

Mu 1949 adasankhidwa kukhala mtsogoleri wa ANC m'chigawo cha Cape. Mu Ogasiti 1953, atangobwera kuchokera ku New York komwe adakaphunzitsa chaka chimodzi pa Union Theological Seminary, adalankhula pa msonkhano wa chipanicho m'tauni ya Cradock. Kumeneko adapereka ganizo loti paitanidwe msonkhano wa anthu a mitundu yonse ya m'dzikomo, kuti alembe okha mfundo za dziko lomwe akulifuna. Ganizo limeneli ndilo lidabala msonkhano wa ku Kliptown wa pa 25 ndi 26 Juni 1955, komwe kudavomerezedwa chikalata cha Freedom Charter.

Chaka chomwecho cha 1955 zinthu zidavuta pa Fort Hare. Kusamvana pakati pa ophunzira ndi akuluakulu a koleji kudafika poti mu Meyi kolejiyo idatsekedwa, ophunzira onse n'kutumizidwa kwawo. Mkulu wa koleji, Clifford Dent, adachoka pampando kumapeto kwa chakacho, ndipo a Matthews ndiwo adapemphedwa kugwirizira. Adalandira koleji yomwe ophunzira ndi aphunzitsi ankakayikirana, kwinaku boma la National Party likukonza zoilanda. Lamulo la Bantu Education la mu 1953 lidali litachotsa kale sukulu za anthu akuda m'manja mwa mamishoni, ndipo aliyense ankaona kuti makoleji ndiwo adali pamzere.

Pa 5 Disembala 1956, m'bandakucha, apolisi adagogoda m'makomo a anthu m'dziko lonse la South Africa. A Matthews adamangidwa ali wogwirizira mpando wa mkulu wa Fort Hare. Mwana wawo, Joe Matthews, adamangidwanso. Onse oimbidwa mlandu woukira boma adakwana 156, ndipo pakati pawo padali a Luthuli, a Mandela, a Tambo ndi mayi Frances Baard a ku Kimberley, amene dzina lawo lero ndi la boma lomwe muli Barkly West. Adawasunga m'ndende ya ku Johannesburg yotchedwa Fort. Mkulu wa koleji yomangidwa pa linga adakagona m'linga lina.

Mlanduwo udatenga zaka. A Matthews adatuluka pa belo ndipo ankayenda ulendo wautali pakati pa khoti ndi Alice. Mlandu uli mkati, mpando wa mkulu wa koleji udapatsidwa kwa H.R. Burrows. Mlandu wa a Matthews udathetsedwa mu 1959, koma iwo adabwereranso kukhoti monga mboni yoikira kumbuyo anzawo omwe adatsala. Otsalawo adapezeka osalakwa pa 29 Malichi 1961.

Chaka cha 1959

Mu 1959 nyumba ya malamulo ya azungu idakhazikitsa malamulo awiri. Loyamba, lotchedwa Extension of University Education Act, lidatseka zitseko za mayunivesite monga Cape Town ndi Witwatersrand kwa ophunzira akuda pokhapokha nduna italola, ndipo lidakhazikitsa makoleji a mitundu: Turfloop ya Asotho, Atswana, Avenda ndi Atsonga, Ngoye ya Azulu, ina ya makaladi ku Bellville, ina ya amwenye ku Durban. Lachiwiri, University College of Fort Hare Transfer Act, lidachotsa Fort Hare mu ubale wake ndi yunivesite ya Rhodes, womwe udayamba mu 1951, n'kuiika pansi pa unduna wa Bantu Education kuyambira mu Januwale 1960. Kuyambira pamenepo idayenera kukhala koleji ya Axhosa.

Tangoganizani tanthauzo la lamuloli kwa munthu ngati a Matthews. Iwo adali Mtswana. Chikhala kuti adafika pachipata cha Fort Hare ali mnyamata wofuna malo mu 1960, adakawalozera ku Turfloop. Koleji yomwe idawapanga, yomwe iwo adali chipatso chake choyamba, idali itauzidwa kuti anthu onga iwo si ake.

Nduna idachotsa ntchito aphunzitsi angapo, ndipo mgwirizano wa Burrows sudaonjezeredwe. Koma a Matthews boma lidafuna kuti akhale. Dzina lawo lidali lofunika: pulofesa wakuda wodziwika mpaka kunja akanatsalira, zikanaoneka ngati koleji yatsopanoyo ndi yomwe ija ya kale. Padali lamulo limodzi lokha, lakuti atuluke mu ANC ndi kusiya ndale. Panthawiyo adali ndi zaka 58, ndipo kudatsala pafupifupi zaka 2 kuti apume pa ntchito ndi kulandira penshoni yawo. Munthu wina aliyense akanatha kudziuza kuti zaka ziwiri si kanthu, kuti ophunzira akumufuna, kuti kuli bwino kukonzera zinthu mkati. A Matthews eni ake adali atatsatapo maganizo otere kwa zaka 8 m'bungwe la Natives Representative Council lija. Ulendo uno adakana. Adatula pansi udindo, penshoni n'kupita. Sadachoke okha. Mlembi wa mabuku a Chizulu, Sibusiso Nyembezi, adali mmodzi mwa aphunzitsi ena omwe adasiya ntchito pa chifukwa chomwecho.

Chomwe adakana chidali kubwereketsa dzina lawo. Boma lidafuna kuika dzina la Matthews pa nyumba yomwe lidaisintha mtima, ndipo mwini dzina, akadali moyo, adati ayi.

Zaka zotsiriza

Atachoka pa koleji adatsegula ofesi ya uloya m'tauni ya Alice momwemo, pafupi ndi chipata chomwe adatulukira. Apolisi atapha anthu 69 ku Sharpeville pa 21 Malichi 1960, boma lidalengeza State of Emergency ndipo a Matthews adatsekeredwa kwa miyezi ingapo popanda kuzengedwa mlandu. Mu Disembala chaka chomwecho adali nawo pa msonkhano wa mipingo ku Cottesloe, ku Johannesburg, womwe udakambirana za tsankho. Mu 1962 adasamukira ku Geneva kukagwira ntchito ku World Council of Churches, komwe ankayang'anira za Africa m'nthambi yothandiza mipingo ndi anthu othawa kwawo.

Dziko la Botswana litalandira ufulu mu 1966, mtsogoleri wake, a Seretse Khama, amene adaphunzira pa Fort Hare m'zaka za m'ma 1940, adapempha a Matthews kuti akhale kazembe wa dzikolo ku United States ndi ku United Nations. Adamwalira ku Washington pa 11 Meyi 1968 ali ndi zaka 66, ndipo adaikidwa m'manda ku Gaborone. Ku South Africa ya nthawiyo kudalibe nyumba ya boma yomwe ikanalandira dzina lawo. Mbiri ya moyo wawo, Freedom for My People, idasindikizidwa mu 1981, itakonzedwa ndi mnzawo wakale Monica Wilson.

Fort Hare idadikira mpaka 1991 kuti ikhale ndi mkulu wakuda wokhazikika pampando, a Sibusiso Bengu. Padali patatha zaka 75 chitsegulireni kolejiyo, ndi zaka 23 chimwalirireni munthu amene adangogwirizira uja. Chaka chomwecho a Oliver Tambo adavekedwa mkanjo wa chansala wa yunivesiteyo. Mu 2001, pokumbukira zaka 100 chibadwireni a Matthews, a Thabo Mbeki adakamba pa Fort Hare nkhani yoyamba ya chikumbutso chawo. Mdzukulu wawo, mayi Naledi Pandor, adakhala nduna ya maphunziro ya South Africa kuyambira 2004 mpaka 2009, akuyang'anira mayunivesite omwe agogo awo adakanizidwa kuwatumikira mwaufulu.

Dzina pakhoma silikhalitsa lokha

Pali chinthu china pa holo ya ku Unisa ija choyenera kuchiona. Holoyo ili m'nyumba yaikulu yomwe kwa zaka zambiri inkatchedwa Theo van Wijk, dzina la mkulu wa Unisa wa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Lero nyumbayo ndi Winnie Madikizela-Mandela. Nyumba ya laibulale pa malo omwewo inkatchedwa Samuel Pauw, mkulu wina wakale wa yunivesiteyo, ndipo tsopano ndi Anton Lembede. Amene adakhaladi pampando wa Unisa maina awo adatsika pakhoma, pomwe dzina la munthu amene adangolemba mayeso a Unisa ali kutali ku Alice ndi ku Natal lili pa holo yolandirira madigiri.

Ena amaona kusinthaku ngati chilungamo chochedwa, ena ngati kufafaniza mbiri. Mtsutsowu ndi weniweni ndipo sutha lero. Koma chimene ukutiphunzitsa n'chakuti mpando pawokha sukwanira kusunga dzina. M'badwo uliwonse umafika pakhoma n'kufunsa kuti uyu adali yani, adaima pati pamene zinthu zidavuta. Yankho likasowa, kapena likakhala losakoma, makanika amabwera ndi makwerero.

Zotere tidazionanso kwathu kuno, ndipo zikukhudza ana a Fort Hare omwe. Msewu waukulu wolumikiza Blantyre ndi Limbe unkatchedwa Kamuzu Highway. Ulamuliro wa chipani chimodzi utatha mu 1994, udatchedwa Masauko Chipembere Highway, dzina la munthu amene adamwalira ali kunja mu 1975, pa nthawi yomwe kungolitchula kudali kuika moyo pachiswe. Ku Lusaka, pa yunivesite ya Zambia, madamu omwe ali pafupi ndi chipata amatchedwa Goma Lakes, pokumbukira a Lameck Goma, Mzambia woyamba kukhala mkulu wa yunivesiteyo kuyambira mu 1969. Mpando womwe a Matthews adangougwirizira ku Alice, wophunzira wa pa koleji yawo adaukhala mokhazikika ku Lusaka patangotha chaka iwo atamwalira.

Chiliza ndi kulowa dzina

Kumudzi tili ndi njira ziwiri zokumbukirira malemu, ndipo siziri zofanana. Yoyamba ndi chiliza. Abale amasonkha ndalama, amagula simenti, amaphika, amaitana mudzi. Tsikulo likatha, ntchito yatha. Chiliza sichifunsa kanthu kwa munthu kupatula kulambula udzu nthawi ndi nthawi. Yachiwiri ndi kulowa dzina. Mfumu ikamwalira, mbumba imasankha wolowa dzina lake, ndipo kuyambira tsiku limenelo iye sayitanidwanso ndi dzina lake lakale. Milandu yomwe malemu adaisiya imakhala yake. Amasiye a malemu amakhala ake. Akachita zosayenera, akuluakulu amamukumbutsa kuti dzinali si lake yekha, ndipo eni mbumba ali ndi mphamvu yomuvula.

Boma kapena yunivesite ikamatcha nyumba dzina la malemu, nthawi zambiri imaganiza kuti ikumanga chiliza. Pamakhala nduna, kwaya, nsalu yophimba chikwangwani, abale a malemu pa mipando ya kutsogolo. Koma nyumba ya anthu onse si manda. Mawa lake m'mawa imatsegula zitseko, ndipo chilichonse chochitika mkatimo chimachitika pansi pa dzina lija. Nyumbayo yalowa dzina.

Ndipo dzina likafika pakamwa pa anthu limafupika, mwini wake n'kuiwalika. Ku Blantyre wodwala amati akupita ku Queens kapena ku Gulupu, osaganizako za mfumukazi ya ku England. Umu ndi momwe maina a nyumba amakhalira kulikonse. Mayi wobwera ndi mwana wotentha thupi usiku sawerenga chikwangwani cha mbiri. Chimene adzadziwe za munthu wotchedwa Matthews ndi momwe adalandiridwira pakhomo. Wophunzira wokwera pa nsanja kukalandira digiri, mwina woyamba m'banja lake monga momwe a Matthews adaliri woyamba m'dziko lawo, adzalimva dzinalo malinga ndi kulemera kwa pepala lomwe wapatsidwa.

Pamenepa ndi pomwe dzina la a Matthews limalemera kuposa maina ambiri. Mkulu amene adamanga laibulale ngongole yake ndi yosavuta kubweza: sungani mabuku, konzani denga. Koma munthu amene ulemu wake udachokera pa kukana amasiya ngongole ya mtundu wina. Nyumba yolowa dzina lake ikuvomera kuti pali malamulo ena ochokera kumwamba omwe wogwira ntchito ayenera kuwakana, ngakhale penshoni ili pafupi. Ikuvomera kuti munthu sabwezedwa pakhomo chifukwa cha mtundu wake kapena dziko lomwe wachokera, popeza Fort Hare yomwe a Matthews adaiteteza idali ya Mtswana, Mxhosa, Mnyasa ndi Mganda mofanana. Ikuvomeranso kuti yunivesite si nthambi ya chipani cholamula, kaya chipanicho ndi cha azungu a 1959 kapena cha omenyera ufulu omwe adapambana. Mfundo yomalizayi ndi yowawa kwa maboma athu ambiri, chifukwa m'maiko angapo a m'chigawo chino aphunzitsi a pa yunivesite adachotsedwa ntchito kapena kutsekeredwa ufulu utabwera kale, ndi maboma a anthu akuda anzawo.

Ndi bwino kuti dzina la a Matthews lili pa chipatala cha kwawo ndi pa holo ya yunivesite yomwe idawapatsa digiri. Mwana wobadwira ku Barkly West lero amabadwira pansi pa dzina la munthu wa m'dera lake, m'tauni yomwe ikadali ndi dzina la bwanamkubwa, ndipo maina awiriwo ali pafupi mokwanira kuti tsiku lina mwanayo adzafunse. Koma amene akukonza zotcha nyumba ina dzina la mkulu wina wa yunivesite amene watisiya, kaya ku Zomba, ku Lusaka, ku Harare kapena ku Maputo, ayambe akumbuka kuti a Matthews adafunsidwapo ali moyo ngati dzina lawo lingakhale pa nyumba yomwe idasiya zimene iwo ankakhulupirira, ndipo yankho lawo tikulidziwa. Malemu ambiri sadapatsidwe mwayi woyankha. Owayankhira ndi amene amatsegula zitseko m'mawa uliwonse.